Chipinda Chimene Ndinagwetsa Ndekha

Inu ana anga mukafunsidwa kuti bambo wanu ankagwira ntchito yanji, mumati ya makompyuta, n'kuthera pomwepo. Sindikukudzudzulani. Ine ndemwe ndinali wouma pakamwa, nkhani za ku ofesi ndinkazisiya pa chipata pamodzi ndi fumbi la njinga. Tsopano poti ndapuma, ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano m'kamwa, ndati ndilembe kuti mudziwe. Za ubwana wanga ndazidumpha. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa ine.

Ngabu, ntchito yanga yoyamba

Ndinayamba ngati kalaliki wa kaundula pa kachipatala ka mpingo ku Ngabu. Mpingowo unali ndi tizipatala tingapo m'chigwa chonse, kuyambira ku Chikwawa kukafika kwa Malemia. Ntchito yanga inali kukhala pa khonde ndi buku lalikulu, kulemba dzina la wodwala, mudzi wake ndi chimene chamubweretsa. Za kutentha kwa Ngabu simukufunika kuuzidwa. Mwezi wa Okutobala bolopeni inkasanza inki m'thumba la shati, ndipo mayi anu, omwe nthawi imeneyo ndinali ndikuwafunsira, ankati ndikuoneka ngati ndalasidwa pamtima. Nyengo yogula thonje khonde linkakhala pululu, chifukwa munthu wa ku Ngabu sadwala thonje lake lisanakwere pa sikelo.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Sisita Khembo, namwino wa ku Nsanje, wamfupi koma wamawu omveka mpaka ku msika. Chichewa chawo chinkayamba bwinobwino, koma akapsa mtima chinkathera m'Chisena. Anali ndi kabuku kawokawo ka chikuto chakuda kamene kankakhala m'thumba la yunifomu, momwe ankalembamo odwala awo onse ndi masiku amene abwera, ngakhale ine ndinali nditawalemba kale m'buku langa.

"Sisita, kodi simundikhulupirira?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ndimakukhulupirirani, a kalaliki. Koma buku lanu limagona mu ofesi, langa limagona ndi ine. Chiswe chikadzabwera chidzayamba ndi ninji?"

Ndinanyanyala masiku awiri. Dzinja lomwelo chiswe chinabweradi n'kudya theka la kaundula wanga, ndipo ndinalembanso zonse kuchokera m'kabuku kakuda, Sisita akundiyang'ana ndi diso la pambali. Kuyambira pamenepo tinakhala abwenzi, ubwenzi wonyozana ngati wa asuweni. Mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito sanasiye kunditchula kuti a kalaliki.

Chikwawa, makompyuta atafika

Patapita zaka anandisamutsira ku ofesi yaikulu ya tizipatala tathu ku Chikwawa. Bwana wanga anali a Mandere, munthu wofatsa amene ankamanga tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sindinawamvepo akukalipira munthu. Vuto lawo linali limodzi, sankadziwa kukana mlendo. Mlendo akangokhala pa mpando, a Mandere anali atavomera kale chimene wabwerera asanachinene n'komwe.

Makompyuta atafika anasankha ine kuti ndiphunzire, poti ndinali wachangu pa taipilaita. Pulogalamu imene anatiikira yosungira odwala inali ya mtundu umene sindinaumvepo. Sinali yogula. Anailemba anthu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana, ochuluka a iwo osadziwana nkhope, ndipo aliyense ankaloledwa kuitsegula mkati, kuwerenga mmene anailembera, kusintha pamene sipakumukomera, n'kugawira anzake zimene wakonzazo. Ndinafunsa mphunzitsi wathu kuti mwini wake ndani. Anati, "Tonse." Ndinaseka, chifukwa ndinakulira pa mjigo wa tonse, ndipo ndinkadziwa mmene umakhalira ukathyoka.

Anatifotokozera kuti pakati pali pulogalamu yaikulu yosunga maina, ndipo china chilichonse chimene mukufuna mumachita kulumikizako ngati kachigawo kapadera. Ife mu ofesi tizigawo timeneti tinkangotitchula kuti zipinda, poti zinali ngati mmene munthu amawonjezera chipinda pa nyumba ana akachuluka. Dzinalo linakhazikika, ndipo ndilo ndigwiritse ntchito pano.

Kuphunzira kwake kunali kwa thukuta. Ndinali nditadutsa zaka makumi anayi, mutu utayamba kale kuuma. Magetsi ankabwera ngati mlamu, osanena tsiku. Seva yathu, ndiye kuti kompyuta yaikulu yosunga zonse, tinaikweza pa njerwa kuopa madzi, ndipo fani imodzi imene tinali nayo tinaipatsa iyo, ife tikuwauka. Intaneti inkagwira bwino pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa ofesi basi. Ikakanitsitsa ndinkakwera minibasi ya ku Blantyre, kukwera zitunda zija ndi kafulashi m'thumba, kukatenga zatsopano n'kubwerera tsiku lomwelo.

Anthu olemba pulogalamuyi anali ndi bwalo lawo pa intaneti, pomwe munthu amafunsa funso onse n'kuona. Funso langa loyamba ndinalilemba katatu ndisanatumize, m'Chingerezi chovala jekete. Amene anandiyankha anali mayi wina dzina lake Inesi. Anandilongosolera modekha, mzere ndi mzere, ndipo ataona kuti pansi pa dzina langa ndalemba Chikwawa anawonjezera kuti, "Muli tani, shamwali?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa laputopu. Anali wa ku Beira, Msena mnzawo wa Sisita Khembo. Mpaka lero sitinaonanepo maso ndi maso, koma ndimamuwerengera pa abale anga.

Zaka za alendo

Kenako kunabwera zaka za alendo. Bungwe lililonse lofuna kuthandiza linkafika ndi galimoto yoyera ndi chipinda chake. Awa a maneti a udzudzu, awa a phala la ana onyentchera. Ena anabweretsa chipinda cholondola odwala amene asiya kubwera. Munthu wa mankhwala otalikitsa moyo akatha miyezi iwiri osaoneka pa chipatala chake, chinkamulemba mofiira kuti wotayika, kuti alangizi a zaumoyo akamufunefune. Ena anabweretsa chipinda choitanitsa mankhwala. Chimenechi chinkawerenga odwala amene akulandira pa chipatala chilichonse, n'kutumiza chiwerengerocho ku nkhokwe yaikulu kumene tinkatenga mankhwala. A Zuze, osunga mankhwala a tizipatala tathu, anachikonda kuposa tiyi. Kale ankatha masiku ndi pensulo pa khutu, tsopano ankangodina batani n'kupita kukagula mandasi.

Nthawi zina ndinkang'ung'udza. "Bwana, zipindazi zachuluka. Amene anamanga cholondola osowa anapita, nambala yake ya foni sikugwiranso. Chikadzang'aluka tidzafunsa ndani?"

A Mandere ankakonza tayi. "A kalaliki, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndiponso mphatso munthu sakana, kwathu kuno n'chipongwe."

Kunena zoona, chilichonse pachokha chinali chabwino, ndipo alendowo anali anthu amtima wabwino. Koma sitinaganizepo zoziyesa pamodzi. Tinkangoona kuti chatsopanocho chayaka, n'kuomba m'manja, n'kujambulitsa ndi alendo pa khonde. Ichi chakoma, ichi chakoma, mukudziwa mmene pusi anathera.

Sindingaloze ena okha chala, chifukwa nanenso ndinamanga changa. Chaka china madzi atasefukira, anthu anathawira ku misasa, ndipo ndinaona kuti munthu mmodzi akulembedwa kawiri, kumudzi kwake ndi ku msasa. Ndinakhala miyezi ndikulemba chipinda chosamutsa munthu m'kaundula kuchoka kwawo kupita ku msasa, madzi akaphwa n'kumubwezera. Inesi anandikonzera zolakwika zambiri osandiseka. Pomaliza anthu a pa bwalo anachilandira kuti chikhale cha onse, dzina langa lili pamwamba, ndipo ndinamva kuti ena m'mayiko a madzi osefukira ngati kwathu ayamba kuchigwiritsa ntchito. Ana anga, ndinanyada. Ndinasindikiza tsamba lija n'kulimata pa khoma, ndipo munthu wobwera kudzabwereka sitepula ankayenera kuyamba waliwerenga. Ndinalumikizanso cha maneti ndi cha phala kuti zizitenga maina a ku misasa kuchokera m'chipinda changa.

Patapita zaka ziwiri kunabwera kalata yondiitana ku msonkhano wa olemba pulogalamuyi kunja kwa dziko, kuti ndikaonetse chipinda changa. Bungwe lina linalonjeza tikiti ya ndege. Ndinapangitsa pasipoti, mayi anu anandigulira sutikesi ku Limbe. Izi mukuzikumbukira, chifukwa aliyense wa inu anali atandiuza kale zoti ndikamubweretsere.

Dzinja la madzi aakulu

Chaka chomwecho madzi analowa m'midzi ya kumunsi, ndipo sanabwerere msanga monga zaka zina. Sisita Khembo nthawi imeneyo anali pa kachipatala kathu ka kwa Malemia, ndipo odwala awo ambiri anali pa msasa wa pa sukulu ina ya kumtunda. Iwo ankapita komweko kawiri pa sabata, bokosi la mankhwala lili pa kabaza. Chipinda changa chinagwira ntchito mmene ndinachipangira. Onse anasamutsidwa bwinobwino, ndipo ndinkauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe.

Mwezi wachitatu wa pa msasa uli mkati, foni inalira.

"A kalaliki, mankhwala nkhabe, kulibe."

"Muli bwanji, Sisita?"

"Musandifunse moyo. Katoni imene mwanditumizira ndi ya anthu theka. Enawo ndiwapatse ninji, madalitso?"

Ndinathamangira kwa a Zuze. Iwo anatulutsa pepala n'kuliwongola pa tebulo. Chiwerengero cha pa pepala ndi mabotolo amene anatumizidwa zinkagwirizana ndendende. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikulemba dala kuti mudziwe kuti bambo wanu analakwapo. Ndinaimbira Sisita n'kuwauza kuti kompyuta sinama, awerengenso bwino, mwina ena akulandira kawiri.

"Pyadidi, chabwino," anatero. "Bwerani mudzawauze nokha kuti kulibe."

Ndinazengereza sabata yathunthu, mtima uli pa ulendo wa ndege. Anandidzutsa ndi mayi anu. "Munthu amene anakupulumutsani ku chiswe, lero wasanduka wosadziwa kuwerenga?" M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Nsanje.

Pa msasa ndinapeza makalasi atadzaza mitolo ndi mphasa, mbuzi zitamangidwa pa mitengo ya golo la mpira. Sisita anali pa khonde la kalasi, bokosi lili pululu pambali pawo. Masabata onsewo, m'malo mopatsa munthu botolo lathunthu, ankawerengera aliyense mapiritsi a masiku ochepa m'timapepala kuti onse alandireko, koma tsopano nawonso anali atatha. Anthu anali pa mzerebe, poti kunalibe kwina kopita. Pa mzerepo panali mayi wina amene ndimutchule kuti Esinati, chifukwa dzina lake lenileni si langa kuti ndilifalitse. Ankagulitsa nsomba zouma madzi asanatenge zonse. Mwamuna wake anamwalira kalekale, anali ndi ana atatu, wamng'ono ali sitandade wani, ndipo anali atatha masiku asanu osamwa mankhwala amene munthu sayenera kudumphitsa ngakhale tsiku limodzi.

"Afunseni makina anu za mayi awa," anatero Sisita.

Ndinatsegula laputopu pa bondo n'kulemba dzina. Linatuluka, ndipo pambali pake panali mawu ofiira aja.

"Akuti bwanji?" anafunsa Mayi Esinati.

"Akuti simukuoneka, mayi. Akuti munatayika."

"Ine? Ndimabwera Lachiwiri lililonse. Afunseni Sisita."

Sisita anangotulutsa kabuku kakuda, tinayamba kufananiza dzina ndi dzina mpaka batire linatha. Aliyense amene anakhala pa msasa kupyola miyezi iwiri anali wofiira. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso moyo wanga wonse.

Lolemba mpaka Lachisanu

Nditabwerera ku Chikwawa ndinabwereka choko n'kujambula zipinda zonse pa khoma la ofesi, ndi mizere yoonetsa chimene chikutenga mawu kwa chinzake. Inali nthawi yoyamba kuti munthu aione nyumba yathu yonse pamodzi, ndipo a Zuze atalowa anati ikufanana ndi ukonde umene ng'ona yadutsamo. Ndinatsata mizere ndi chala mpaka ndinapeza pamene pankadontha. Chipinda changa chikasamutsa munthu, zonse zochitika pa msasa chinkazilemba ku msasako. Cholondola osowa sichinkadziwa kuti kunja kuno kuli misasa. Chinkangoyang'ana pa chipatala cha munthuyo, ndipo miyezi iwiri ikatha osamuona chinkamufiiritsa. Ndipo cha a Zuze sichinkaitanitsira mankhwala anthu otayika. Palibe chimene chinalakwa pachokha. Chilichonse chinachita zimene wochimanga anachituma, ndipo vutolo linabadwira pakati pawo, pamalo pamene panalibe mwini. Zaka zam'mbuyo silinaoneke chifukwa anthu sankatha miyezi iwiri pa msasa.

Linali Lolemba. A Zuze anapalapala mabotolo ochepa m'tizipatala tina n'kuwatumiza kwa Sisita, koma anangokwanira ana ndi amayi oyembekezera. Ena onse ankadikira oda ya mwezi wotsatira, imene inkapita ku nkhokwe yaikulu Lachisanu, ndipo kumeneko sankalandira manambala olemba pamanja, ankafuna ochokera m'pulogalamu. Ndinamulembera Inesi. Anayankha tsiku lomwelo kuti kukonza bwinobwino kuti zipinda zitatuzo zimvane kungatenge mwezi kapena kuposa. Cholondola osowa palibe mwa ife amene ankamva mmene anachilembera. Cha mankhwala, kuchigwira mothamanga kunali kuika pachiswe tizipatala tonse. Chimene ndinkachidziwa njerwa iliyonse chinali chimodzi, changa. Ndikachichotsa, anthu onse abwerera pa chipatala chawo m'kaundula, ndipo masiku amene anabwera tilowetsa pamanja kuchokera m'kabuku ka Sisita. Koma maina a maneti ndi a phala ku misasa asowa kochokera, alangizi abwerera ku mapepala, ndipo adzanditukwana.

A Mandere anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kumasula tayi, chinthu chimene sindinachionepo.

"Chabwino, chichotseni. Koma mwakachetechete, a kalaliki. Za m'nyumba saulula kubwalo. Ulendo wanu watsala masabata atatu. Pitani, kaonetseni, mukabwera mudzakonza ndi mayi wa ku Beira uja. Ndani adzadziwa?"

Sankanena mwa nkhanza. Ankandifunira zabwino, ndipo ankadziwa monga ine kuti kalaliki wa ku Ngabu saitanidwa kawiri.

"Bwana, nanga amene anachitenga kumayiko ena? Kwawonso madzi amasefukira."

"Mwina iwo alibe cholondola osowa."

"Mwina ali nacho."

Anayang'ana pa khoma la choko nthawi yaitali, kenako anati chiganizo ndi changa.

Masana ndinapita kunyumba, n'kupeza mayi anu akusita malaya anga a paulendo. Ndinawafotokozera zonse, ndipo ndisabise, ndinazifotokoza mokondera a Mandere, ndikuyembekeza kuti andiuza kuti pitani. Anaimika ayironi.

"Mayi wa nsomba uja ali ndi ana angati?"

"Atatu."

"Kwinako kulibe amayi a ana atatu?"

Anapinda malaya aja n'kuwaika m'kabati, osati m'sutikesi.

Lachiwiri m'mawa ndinachotsa chipinda changa. Sizitenga nthawi, ntchito ya miyezi yonse ija inachoka ndi kudina kawiri. Ndinakhala phee ndikuyang'ana kompyuta, misozi italengeza m'maso, a Zuze akunamizira kufufuza china chake m'kabati. Kenako ndinatenga laputopu kupita pansi pa nimu n'kulembera bwalo lonse. Ndinanena mosapita m'mbali kuti chipinda chimene chili ndi dzina langa chikakumana ndi zina ziwiri chimachititsa kuti odwala a pa msasa asalandire mankhwala, kuti kwathu zachitika, ndipo aliyense amene akuchigwiritsa ntchito aone kaundula wake lero lomwe.

Sisita anatumiza kabuku kawo pa basi atakakulunga m'pulasitiki katatu, ndi uthenga woti ndikakataya ndisadzapondenso ku Nsanje. Lachitatu ndi Lachinayi tinagwira osaweramuka. A Zuze ankawerenga maina, ine ndikulowetsa, a Mandere eniake akutiphikira tiyi ndi kuthira mafuta mu jenereta. Maina ofiira anayamba kuda limodzilimodzi. Lachisanu lisanafike masana a Zuze anadina batani lawo, ndipo chiwerengero chinatuluka chathunthu.

Pa bwalo palibe amene anandinyoza. Munthu wina wa dziko lakutali analemba kuti nayenso wapeza maina ofiira amene sankawamvetsa. Inesi anangolemba kuti, "Takhuta, shamwali," ndiye kuti zikomo m'Chisena. Koma bungwe limene linalonjeza tikiti linati popeza chipinda chaimitsidwa, palibe choti ndikaonetse. N'chifukwa chake pasipoti ija munaiona ikutha ntchito yopanda chidindo ngakhale chimodzi, ndipo mpaka lero ndege ndimangoiona kumwamba. Zinandiwawa, ndisaname. Alangizi a phala nawo ananditukwanadi mwezi wathunthu.

Pa zonsezi tinatolapo lamulo. Ndinauza a Mandere kuti ngati mlendo sitingamukane, tizimufunsa nkhoswe monga timachitira pa ukwati. Chipinda chilichonse chizikhala ndi munthu wodziwika, wa foni yogwira, woti zikavuta tikamugogodere. Ndiponso chisanalowe m'nyumba chiziyamba chakhala mwezi pa kompyuta yakale pamodzi ndi zinzake zonse, tikuyesa ndi maina ongopeka, madzi ongopeka ndi misasa yongopeka, kuti tione ngati zikumvana. Zimene zinasowa ankhoswe tinazichotsa pang'onopang'ono, ndipo khoma la choko sitinalole munthu kulipaka laimu. A Mandere analikonda kwambiri lamuloli, chifukwa tsopano sankakana mlendo, ankangomufunsa mwaulemu kuti, "Ankhoswe anu ndani?" Chipinda cha misasa anadzachilembanso Inesi ndi anzake, chabwino kuposa changa, dzina langa lili pansi penipeni m'tizilembo tating'ono.

Kwa Malemia, makatoni atafika

Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ku sabata yotsatira Lachisanu lija. Makatoni atafika ndinapempha kukwera nawo lole, kabuku kakuda ndili nako pachifuwa. Msewu unali utadukaduka, mwina tinkachita kutsika n'kukankha. Njira yonse ndinkawerenga masiku pa zala, asanu aja ndi ena amene anawonjezekapo, ndipo pakati pake panali sabata imene ndinazengereza ine.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Sisita analandira kabuku kawo kaye, n'kukafufuza tsamba ndi tsamba ngati ndang'ambamo, kenako anatsegula katoni n'kuyamba kuitana maina. Ndinaima pambali ndikuyang'ana pa mzere, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kubwerezanso. Mayi Esinati panalibe.

"Sisita, mayi wa nsomba uja ali kuti?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ali m'kalasi umo, wagona. Chifuwa chamugwira, thupi likutentha." Anatenga botolo limodzi n'kundigwiritsa m'manja. "Pitani. Ndinu munamutaya, mukamupatse ndinu."

Ndikuuzeni msanga kuti musade nkhawa, anachira, ndipo ana ake atatu anawalera yekha mpaka anakula. Koma tsiku limenelo ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinamupeza pa mphasa pansi pa bolodi, ataonda kuposa mmene ndinamusiyira, ndowa ya madzi ili kumutu. Ndinagwada n'kupereka botolo ndi manja awiri. Analitembenuza, n'kuligwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati ladzaza.

"Ndinu a makina aja?"

"Ndine, mayi."

"Lero akuti bwanji?"

"Akuti mulipo."

Anaseka, kuseka kwake kunathera m'chifuwa. Atapuma anati, "Nanga amene ananditayayo mwamupeza?"

Ndikanatha kunena kuti ndi kompyuta. Ndikanatha kufotokoza za zipinda zitatu ndi alendo a galimoto zoyera, ndipo sindikananama. Koma pakamwa panatuluka mawu awiri okha.

"Ndine, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku nsapato zanga zamatope mpaka kumaso. Kenako anasendera pang'ono kukhoma, n'kusisita mbali ya mphasa imene inatsala.

"Ndiye khalani pansi, bambo, mwayenda ulendo wautali. Munditungire madzi ndimwere."